Makoma a Nyuzipepala

Kwathu ku Ponticelli tilipo asanu ndi awiri
m'zipinda ziwiri.
Apongozi amamva ngakhale supuni ikatembenuka m'kabati,
ana atatu amapumira kuseri kwa katani,
mlamu ali pasofa ndi foni yake mpaka mbandakucha.
Ndiye Lachinayi lililonse
ine ndi Carmine timati tikukagula mkaka.

Timakwera chitunda pa Panda yathu yotsokomola
kukafika pomwe magalimoto amandanda, nyali zozimitsa,
ndipo palibe apatsa moni mnzake.
Mzinda wa Napoli uli pansipo, waka-waka, sutiona.
Iye amayala nyuzipepala pamagalasi,
ine ndimadula selotepi ndi mano.
Zaka khumi ndi zinayi tili m'banja
koma chipinda chathu chili pa matayala anayi,
makoma ake ndi nkhani zadzulo.

Go! Go! Go!
Tako la tochi pagalasi.
Kuwala kunaboola nkhope ya goloboyi wa patsamba lamasewero
n'kugwera pabondo panga.

"Manja aoneke," Carmine ananong'ona,
"yankha chomwe wafunsidwa, usaonjezere ndemanga."
Ndinamanga bulauzi mophupuluma,
batani n'kulowa pabowo la mnzake.

Wapolisiyo anali mwana, ndevu zisanakumane n'komwe.
Mnzake wamkulu anatsala m'galimoto, akutafuna.
"Zitupa."
Tinapereka. Anaunika changa, cha Carmine, changanso.
"Mumakhala nyumba imodzi?"
"Inde."
"Nanga kuno mwadzatani?"
Funso lina umayankha pongoyang'ana giya.

"Bwana, galimotoyi ndi yanga," anatero Carmine,
"ngongole yake ndinamaliza chaka chatha."
"Galimoto ndi yanu. Msewu ndi wa aliyense."

Pakamwa panga sipamva malangizo.
"Ndiye lamulolo limayambira pati, bwana?
Patayala? Pachitseko?"
Carmine anandiponda chala.

Mnyamatayo sanakwiye. Anazungulira galimoto pang'onopang'ono
ngati munthu wofuna kuigula,
n'kuima pagalasi lakumbuyo
pomwe selotepi inamatuka, pepala n'kupinda khutu.
Mpata wa zala zitatu basi.
"Apa," anatero. "Pomwe diso la wodutsa lingalowe.
Kumunsiku kuli bwalo losewerera ana.
Akanakhala masana
bwenzi tikukambirana zimenezi ku polisi."
Kenaka anatchula chindapusa.
Ndinamva Carmine akuwerengera mumtima:
lendi, nsapato za Nunziatina, mankhwala a shuga a mayi ake,
miyezi ingati ya kunyamula matailosi pamsana.

Ndinameza malovu, ndinafunsa mwaulemu wonse womwe ndinali nawo:
"Kodi mwatigwira, kapena tingathe kupita?"

Tochi inalowa pampatapo,
inapeza kampando ka mwana, nyenyeswa za bisiketi,
sokosi imodzi yachikasu yomwe tinaifunafuna sabata yathunthu.
Inakhalitsa pa sokosiyo.

Anatulutsa buku. Cholembera chinakana kawiri.
Analemba, analemba, anang'amba.
"Nyali yakumbuyo, yakumanzere, ndi yakufa.
Ndi zomwe ndaona. Sainani apa.
Ndipo muchotse mapepalawo musanayendetse."

Tinamatula makoma athu iye akuonerera,
limodzi limodzi, ndale, mpira, za maliro,
mpaka tinatsala anthu awiri achikulire m'bokosi lagalasi.

Potsika chitunda sitinalankhule.
Pa maloboti achiwiri Carmine anayamba kuseka
kuseka kosatuluka mawu, mapewa okha,
ine ndinafuna kumumenya, ndinafunanso kulira,
chifukwa sindinabe kanthu,
mwamunayu ndi wanga, papepala ndi pamaso pa wansembe,
koma manyazi anandikhala pakhosi ngati ndagwidwa ndi cha mwini.

Masitolo onse anali atatseka.

Kunyumba apongozi anali maso, wailesi ikung'ung'udza.
"Mkaka uli kuti?"
"Watha konse," anatero mwana wawo.
Anayang'ana batani langa losokera,
anayang'ana inki yakuda m'zikhatho zanga,
n'kutembenukira kukhoma.

Tikiti ili pafiriji, pansi pa maginito.
Nyali tinakonzetsa.
Selotepi ndagula ina, yaikulu, yomatira makatoni.